Chombo chadzimbiri chimene chinadzutsa Point

Amene anakhalako ku Durban m'zaka za m'ma 1990 akudziwa kuti ku Point sikunali kopita ndi ana. Dera limeneli, lomwe lili pakhomo pa doko, linali la nyumba zogumuka ndi mashedi osiyidwa, ndipo kukada anthu ankaliopa. Nsomba za m'nyanja zinkaonetsedwa kwina, m'nyumba ya mu 1959 kumapeto kwa West Street, imene inali itachepa ndiponso itakalamba.

Koma lero, ati kukongola! Pa 30 April 2004 anatsegula malo atsopano oonetsera nsomba otchedwa uShaka Marine World pamalo a mahekitala pafupifupi 16, ndipo Point inadzuka. Pakati pake pali chombo chachikulu chooneka ngati sitima ya katundu ya m'ma 1920 imene inatitimira mumchenga. Dzimbiri lili mbuu, utoto wasupuka. Musanyengeke abale, chombocho sichinayendepo pamadzi. Anachimanga pomwepo, ukalamba wakewo n'kuchita kupaka dala. Mukatsikira m'mimba mwake, mumangoona shaki ikudutsa pamphuno panu, ana akukuwa ndi chimwemwe.

Ife a ku Katete, Sinda ndi Vubwi nyanja yamchere ili kutali nafe, koma kulemera kwa madzi timakudziwa: chigubu cha malita 20 pamutu ndi makilogalamu 20. Tsono matanki a pa uShaka amasunga malita oposa 17 miliyoni, kutanthauza matani oposa 17,000, ndipo madzi akamazama ndi pamene amakankha khoma mwamphamvu. N'chifukwa chake makoma a matanki otere amakhala a konkire yochindikala yolukidwa ndi zitsulo, ndipo mazenera ake si galasi wamba, ndi pulasitiki yolimba yotchedwa acrylic, yopirira kukankha popanda kuphimba maso.

Mdani wina ndi mchere. Ukangolowa m'konkire n'kufika pa chitsulo, chitsulocho chimachita dzimbiri, chimatupa, khoma n'kung'aluka. Mainjiniya amauletsa pothira konkire yothinana bwino, kukwirira zitsulo mkati kwambiri, ndi kumata mkati mwa thanki kuti musadonthe. Nawo madzi a pansi pa nthaka ya m'mphepete mwa nyanja amakankhira nyumba m'mwamba, choncho maziko ayenera kugwira zolimba ngakhale thanki ilibe kanthu.

Chondisangalatsa koposa ndi mmene amatungira madzi a m'matanki a pa uShaka. Mapampu amawakoka m'zitsime za pansi pa mlatho wolowa m'nyanja, moti mchenga weniweniwo umayamba wawasefa asanafike kwa nsomba.

Anthu atayamba kubwera, nyumba zatsopano zogonamo zinamera, ndipo mu 2019 msewu wa oyenda pansi wa m'mbali mwa nyanja unatalikitsidwa mpaka kukafika pakhomo pa doko. Kumene makolo ankaletsa ana kupita, lero mabasi a masukulu amaima pamzere. Zimenezi zimandikondweretsa kwabasi!