CHIBALE NDI PFUPA: UDINDO WA BANJA PODWAZIKA KHANSA YA M'MAGAZI

Makolo akale anati chibale ndi pfupa, sichiola. Mau amenewa ali kutsimikizika masiku ano m'mabanja odwazika khansa ya m'magazi, pakuti nthawi zina mankhwala a nthendayi amachokera m'mafupa a m'bale weniweni.

Ku Area 10 mu Lilongwe kuli nyumba za mipanda za akuluakulu a nchito za Boma ndi a malonda, ndipo ambiri amayesa kuti kumeneko matenda sabvuta. Koma dokotala akanena kuti bambo wa pakhomo ali ndi leukemia kapena lymphoma, ulendo wa banjalo umayamba monga wa munthu wa ku Mitundu kapena ku Dowa, ndiye ku chipatala cha Kamuzu Central, chimene chinayamba nchito mu 1977. Pambali pake Boma linatsegula chipatala cha khansa cha National Cancer Centre mu 2025, ndipo ichi chachepetsa ndithu maulendo a kunja.

Mankhwala a khansa amafoola thupi, amathothola tsitsi, ndipo chakudya sichikoma m'kamwa. Tsono wodwazika, amene kawirikawiri ndi mkazi, mwamuna kapena mlongo wa wodwalayo, ndiye amasunga masiku a kuchipatala, kuphika phala ndi kuyang'anira kutentha kwa thupi usiku.

MBEU YA MAGAZI

Kwa odwala ena mankhwala okha sakwana. Madokotala amapha mafuta odwala a m'mafupa, kumene magazi amapangidwa, ndi kuikamo timaselo tatsopano tobala magazi. Luso limeneli analiyamba Dr. E. Donnall Thomas wa ku America mu 1957, ndipo analandira nalo mphotho ya Nobel mu 1990. M'zipatala za dziko lino silichitika, kotero odwala amapita ku India kapena ku South Africa, ena potumizidwa ndi Boma, ena pa ndalama za banja.

Pa matenda ena timaseloti timatengedwa m'thupi la wodwala yemweyo. Pa ena pafunika munthu wopereka, ndipo amayamba kupimidwa ndi abale a bere limodzi. Mwai wakuti m'bale mmodzi agwirizane kotheratu ndi wodwala ndi umodzi mwa inai. Chifukwa chake mchimwene amene amalima kumudzi angathe kukhala ndiye moyo wa bwana wa m'tauni.

Ena amaopa, akamva za kutenga magazi. Iwowa ayenera kudziwa kuti woperekayo amabayidwa jekeseni masiku anai kapena asanu, kenaka makina amasefa timaseloto pa mkono kwa maola angapo ndi kubweza magazi otsala. Thupi lake limabwezera zonse m'masabata ochepa.

ALENDO ADIKIRE

Bvuto lalikulu limadza pambuyo pake. Timaselo tatsopano timatenga masabata awiri mpaka anai kuti tiyambe kubala magazi, ndipo masiku 100 oyamba ngoopsa, pakuti thupi liribe chitetezo. Chimfine chimene munthu wamoyo amapita nacho kumunda chingathe kupha wodwala wotere.

Pamenepa mwambo ndi malangizo a dokotala zimasemphana. M'dziko lino wodwala akafika panyumba, achibale, a mpingo ndi anzake a kunchito amadzaza chipinda kudzamzonda, ndipo wokaniza alendo amayesedwa wodzikuza, makamaka ngati nyumba yake iri ndi geti ndi mlonda. Wodwazika ayenera kulimba mtima. Alendo akhale pakhonde, wachifuwa abwerere, wolowa asambe m'manja, madzi akhale owiritsa, chakudya chikhale chophika bwino, ndipo wodwala agone m'neti. Thupi likatentha, kapena pakaoneka zotupa pakhungu ndi kutsekula m'mimba, athamangire kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kucha.

Achibale oimitsidwa pakhonde asakhumudwe, pakuti nchito yao iripo. Odwala khansa amafuna magazi kawirikawiri, ndipo bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limalandira opereka mwaufulu. Ena angathe kuperekeza ana kusukulu, kusonkha ya ulendo, kapena kulandira wodwazika tsiku limodzi kuti agone tulo, chifukwa iyenso akagwa, wodwala atsala yekha.