Khoka Silikokedwa ndi Munthu Mmodzi

Abale athu a m'midzi, amene munagonako kuno ku Nkopola mudziwa zimene zichitika pagombe m'bandakucha. Bwato likatha kuponya khoka, anthu agawikana pawiri, ena chingwe ichi, ena chingwe icho, nayamba kukoka ndi nyimbo imodzi. Mbali imodzi ikafulumira, inzake nkutsalira, khoka lipotoka ndipo chambo chithawa. Tsono masiku ena, asodzi ali pantchito yomweyi, aona boti la asilikali a pamadzi a ku Monkey Bay lilikudutsa, ndipo amayi amene ana awo ali ku usilikali afunsana kuti: Kodi dziko lathu laling'onoli liwatumiziranji ana athu ku nkhondo za eni? Funso limeneli nlolemera, ndipo tiyesa kuliyankha osabisa kanthu.

Kale ndi lero

Kupita kutali si chinthu chachilendo kwa asilikali a dziko lino. Amene mupita ku Boma la Mangochi muona mzinga uli pafupi ndi nsanja ya wotchi. Unachokera m'sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, kutsidya la nyanja yathu. M'nkhondo imeneyo makolo athu ambirimbiri anagwidwa kukasenza mtengatenga, ndipo mu 1944 a Keyala anafika mpaka ku Burma. Koma nkhondozo zinali za atsamunda. Sanafunse mfumu ya mudzi kapena mayi wa mwana.

Lero zinasintha pakuti dziko lipangana lokha ndi anzake. Malawi ali m'bungwe la SADC, la maiko 16 a kummwera kwa Africa. Mu Ogasiti 2007, ku Lusaka, atsogoleri a maikowa anakhazikitsa gulu la asilikali okhala chire, kuti pakabuka nkhondo kapena tsoka m'dziko lina, athamangireko msanga. Musayese kuti asilikaliwo akhala m'kampu imodzi, iai. Dziko lililonse lisunga ake kwawo, koma lilonjeza kuti tsiku loitanidwa lidzapereka anthu akutiakuti ndi zida zakutizakuti, monga momwe mabanja alonjezana makasu pa dima.

Kuyeseza pamodzi nkwanji?

Taganizani asilikali a Malawi, a Mozambique, a Tanzania ndi a Congo atakumana kuthengo tsiku loyamba. Wina alamula m'Chingerezi, wina amva Chipwitikizi chokha, wina Chiswahili, wina Chifalansa. Wailesi ya uyu siyankhulana ndi ya uyo. Wovulala ali gone pansi, ndipo palibe adziwa woitana ndege. Pamenepo mdani safunanso kulimba mtima, pakuti chisokonezo chimgwirira ntchito.

Chifukwa chake maiko achita masewera a nkhondo nthawi ya mtendere. Oyamba a chigawo chino anachitikira ku Nyanga m'Zimbabwe mu 1997, dzina lake Blue Hungwe. Anatsatira a Blue Crane mu 1999 ndi a Golfinho mu 2009, ku South Africa. Mu Okutobala 2018 alendo anadza kwathu konkuno, ku sukulu ya asilikali ya ku Salima, ndipo masewerawo anapatsidwa dzina la m'chinenero chathu, Umodzi. Kumeneko akuluakulu a asilikali, apolisi ndi anthu wamba anapeka dziko la nkhondo pa mapu, nayesa kuona kuti lamulo lichokera kwa yani, chakudya ndi mafuta zifika bwanji, ndi othawa nkhondo asungidwa kuti. Ndiko kuphunzira nyimbo imodzi khoka lisanalowe m'madzi.

Pamene masewera anasanduka nkhondo

Mu 2013 bungwe la United Nations linapempha gulu lapadera la asilikali pafupifupi 3,000 ochokera ku Malawi, Tanzania ndi South Africa, kuti lipite kuvuma kwa dziko la Congo. Ntchito yawo sinali kulondera kokha, koma kumenyana ndi zigawenga. Pofika Novembala chaka chomwecho, zigawenga za M23 zinagonja.

Koma nkhalango za ku Congo sizinatonthole. Mu Novembala 2018, pafupi ndi mzinda wa Beni, asilikali athu ndi a Tanzania anakumana ndi zigawenga za ADF, ndipo anafa Amalawi 6 ndi Mtanzania mmodzi. Mmodzi wa akufawo ndiye Chancy Chitete, msilikali wamba wopanda nyota paphewa. Iyeyu anaona msilikali wa ku Tanzania atalasidwa, ali pambalambanda, zipolopolo zili waliwali. Anam'kokera pobisika nayamba kum'manga mabala, ndipo ali mkati mochita zimenezo anaomberedwa. Mtanzania uja anachira. Mu Meyi 2019, ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa mkazi wamasiye wa Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene ipatsidwa kwa olimba mtima koposa. Onani, abale: munthu amene Chitete anam'fera sanali wa mtundu wake, kapena wa dziko lake, anali mnzake wa pachingwe.

Sitinena kuti khoka lililonse lituluka ndi nsomba. Mu Disembala 2023 a SADC anatumizanso gulu lawo ku Congo, maiko ake omwe aja atatu. Ulendo uno M23 inali itabwerera ndi mphamvu zoposa kale. Mu Januwale 2025 asilikali athu atatu anaphedwa, mzinda wa Goma unagwa, ndipo mu Febuluwale Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, analamula kuti athu akonzeke kubwerera. Mu Malichi atsogoleri a SADC anathetsa ulendowo. Apa taphunzira kuti pangano lopanda ndege, ndalama ndi zida zokwanira liika ana a anthu pakamwa pa ng'ona, ndipo anthu a m'midzi ali ndi ufulu wofunsa Boma ngati lakonzeka lisanatumize wina aliyense.

Nanga ife tipindulanji?

Akulu anati: mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mawa lathu linafika mu Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anagumula mapiri ndi milatho kummwera kuno, anthu oposa 1,000 nafa kapena kusowa. Masiku amenewo asilikali ndi ndege za ku Tanzania ndi Zambia zinadza kudzathandiza athu kufikira midzi yodukidwa misewu. Dziko laling'ono silingagule chilichonse chofunika pa tsiku loipa. Chuma chake ndi anansi amene azolowera kugwira nalo ntchito.

Tsono inu a m'midzi, gawo lanu ndi ili. Ngati m'mudzi mwanu muli nyumba imene mwini wake ali kutali ndi ntchito imeneyi, musaidutse ngati bwinja. Denga likadontha, folerani. Munda ukamera tchire, itanani dima. Ana akasowa wowalangiza, khalani atsibweni awo. Ndipo msilikaliyo akabwera wosayankhula, kapena wodzidzimuka usiku, musamuseke kapena kumuumiriza nkhani za kunkhondo. Khalani naye chete pakhonde kufikira adzayamba yekha. Pakuti amene atsala pamtunda nagwira nsonga ya chingwe, iwonso ali pakhoka.