Kubwerera Kumudzi Kuchokera ku Joni: Zoyenera Kutseka Musanakwere Basi

Pofika pakati pa mwezi wa Disembala makampani ambiri a zomangamanga ndi mafakitale ku South Africa amatseka, ndipo ana athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amene amagwira ntchito kumeneko amayamba kumanga katundu. Ife kuno maso amakhala kunjira. Koma zimene timaziona chaka ndi chaka n'zakuti ambiri amatha masabata akugula mabulangete, mafoni ndi masola, pamene zinthu zimene zikanawateteza amazisiyira tsiku lonyamuka.

Tiyambe ndi malipiro. Lamulo la ntchito la dziko limenelo, Basic Conditions of Employment Act la 1997, limati amene wagwira ntchito miyezi yosapitirira isanu ndi umodzi apereke notisi ya sabata imodzi. Amene wapitirira apo koma sanapyole chaka apereke masabata awiri. Amene wapyola chaka apereke masabata anayi. Wogwira ntchito ya m'nyumba kapena ya pa famu, akangopitirira miyezi isanu ndi umodzi, notisi yake ndi masabata anayi. Posiya ntchito, bwana ayenera kulipira masiku a tchuthi amene simunapume, komanso kukupatsani kalata yosonyeza kuti munagwira ntchito kwa iye. Munthu amene wangosowa usiku osatsanzika amavutika kulondola ndalama zimenezi, ndipo amaonongera mbiri Amalawi anzake amene adzafunsire ntchito pamalo omwewo. Ngati mukufuna kudzabwereranso mu Januwale, gwirizanani tsiku, ndipo bwanayo alembe, ngakhale pa WhatsApp. Eni nyumba nawonso auzeni mwezi usanathe kuti dipoziti yanu isapite.

Nkhani ya mapepala ndi imene imaliritsa ambiri. Mmalawi wolowa ku South Africa ndi pasipoti yokha amapatsidwa masiku 30. Kuyambira chaka cha 2014, wopyola masiku ake sakulipitsidwanso faindi potuluka. Amadindidwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo. Amene wapyola ndi masiku osapitirira 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo amene wapyola ndi masiku oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Tikudziwa kuti pa Beitbridge pali anthu amene amalonjeza "kukonza" chidindo. Chimenecho ndi chiphuphu, ndipo chidindo chabodza chikagwidwa mlandu umakula kuposa wa kupyola masiku. Amene pasipoti yake inatayika kapena inatha apite ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg nthawi ikadalipo, akafunse za chikalata chobwererera kumudzi. Banja lidziwe zoona zake za mapepalawa, chifukwa ngati bambo sadzatha kubwererako kwa zaka zisanu, ndalama imene abwera nayo siyoti ithere pa phwando.

Ndiye pali ngongole. Ayah yayitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Amene mumagona nawo chipinda chimodzi, wa shopu amene amakupatsani ufa pa ngongole, a chipereganyu amene munalandira kale gawo lanu, onsewa ali ndi haki pa inu, ndipo malire a dziko safafaniza haki ya munthu. Bwezani musanagule katundu. Zikakanika, khalani pansi ndi mwini wake, mulembe kuchuluka kwake ndi tsiku lobweza.

Chimodzimodzi katundu wa anzanu. Aliyense wopita kumudzi amapatsidwa timaphukusi ndi ndalama kuti akasiyire mayi a uje ku Makanjira kapena ku Namwera. Imeneyi ndi amana. Lembani dzina, kuchuluka kwake ndi nambala ya wolandira, mwini wake akuona. Phukusi lomata limene simunaone mkati mwake musalandire, ngakhale likuchokera kwa m'bale, chifukwa pa chipata woyankha ndi amene walinyamula. Ndalama za South Africa zimene munthu amaloledwa kutuluka nazo m'manja zili ndi malire; zambiri ndi bwino kuzitumiziratu kudzera ku banki kapena makampani ovomerezeka otumiza ndalama. Sungani malisiti a katundu wamkulu, chifukwa a MRA pa Mwanza kapena pa Dedza amawerengera msonkho kuchokera pa mtengo wake, ndipo ndalama ya msonkhowo ikhale payokha.

Ifenso otsala kuno tili ndi mbali yathu. Mndandanda wa zinthu zimene timatumiza pa foni, uyu nsapato, uyu njinga, uyu foni yatsopano, ndi umene umakankhira ana athu kutenga ngongole zatsopano sabata yomaliza. Tiyeni tiwafunse kaye ngati atseka za kumeneko.

Ulendo wa pa basi wodutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete umatenga masiku awiri, ndipo mu Disembala mizere ya pa zipata imautalikitsa. Wapaulendo ndi wololedwa kufupikitsa Swala za Zuhr, Asr ndi Isha kukhala rakaa ziwiri, komanso kuphatikiza Zuhr ndi Asr, Maghrib ndi Isha. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga a shuga, a BP kapena ma ARV, atenge okwanira pamodzi ndi kalata ya ku chipatala, ndipo akhale m'chikwama cha m'manja, osati mu ngolo ya katundu.

Ku Johannesburg ndi ku Cape Town kulibe malungo, ndipo thupi likakhala nthawi yaitali kutali ndi udzudzu wa malungo mphamvu yake yolimbana nawo imachepa. Obwerawa amafika kunyanja kuno m'nyengo ya mvula, udzudzu utachuluka. Akazi awo ndi makolo awakonzeretu neti, makamaka ya ana amene anabadwira kumeneko, ndipo thupi likangotentha apite kukayezetsa tsiku lomwelo.