DUWA LONUNKHIRA LA PA MTHUNZI

M'miyezi ya September ndi October, pamene udzu wauma ndipo mphepo iulutsa fumbi m'makwalala a Kabwe, kulipo kamtengo kamene kacita maluwa mvula isanagwe. Dzina lace ndi Brunfelsia, ndipo kwao ndi ku Brazil. Duwa lace limasula lofiirira, m'mawa mwace litumbuluka, tsiku lacitatu liyera. Cifukwa ca ici Angerezi akacha Yesterday, Today and Tomorrow, ndiko kunena kuti dzulo, lero ndi mawa. Fungo lace limveka pa bwalo ponse, makamaka madzulo.

Kamtengoka kakhala zaka zambiri, ndipo kakonda mthunzi umene ndiwo zamasamba ziukana. Malo abwino ndi kum'mawa kwa nyumba, kapena m'mphepete mwa mthunzi wa mango, pamene dzuwa lifika m'mawa mokha. Pa tsinde peni peni pa mango pali mdima, ndipo maluwa acepa.

Nthawi yobzala ndi December, mvula itakhazikika. Mlimi akumbe dzenje la masentimita 45 kuya kwace ndi m'mimba mwace momwe, nathiremo dothi losakaniza ndi masamba oola. Asathire phulusa kapena laimu, pakuti izi zisandutsa masamba acikasu. Mbeu ndiyo mphukira zotuluka m'mbali mwa tsinde lakale, zozulidwa ndi mizu yace. M'cirimwe athirire kawiri pa mlungu, ndipo maluwa akatha adulire nsonga za nthambi.

Pozungulira tsinde ayale udzu wouma kuti cinyezi cisathawe. Ku Kabwe udzuwu uli ndi nchito inanso yaikuru. Mgodi wa mtobvu unatsekedwa m'caka ca 1994, koma dothi la ku Kasanda, Chowa ndi Makululu likali ndi mtobvu, umene ulowa m'thupi la mwana ndi fumbi nuononga nzeru zace. Maluwa sacotsa mtobvu m'dothi ai, koma dothi lophimbika ndi lonyowa siliuluka. Kapinga pa bwalo lotsalalo athandiza koposa, ndipo wogwira dothi asambe m'manja asanadye.

Cenjezo ndi ili: kamtengoka kali ndi ululu, makamaka zipatso zace, zimene zikhoza kupha garu ndi kudwalitsa mwana. Mai wa pa nyumba athyole zipatsozo zikali zaziwisi, ndipo asabzale pamene ana asewera kapena pamene mbuzi zifika.