Kung'ung'uza ndi Kuimba Mluzu

Dzuwa lapendeka. Amai akhala pamphasa, asankha nyemba. Mwana ali kumsana. Pakamwa pa amai ndi potseka, koma nyimbo imveka ndithu: "Mmm, mmm, mmm." Mwana aodzera, kenaka agona. Amai ali kung'ung'uza.

Kudambo kuli mnyamata amene abusa ng'ombe. Ng'ombe imodzi yapatuka, ilunjika kumunda wa cimanga. Mnyamata ali patali, sangaipeze ndi liwiro. Asongola milomo yake ndi kuliza: "Fyoo! Fyoo!" Galu amva, athamanga ndi kuibweza ng'ombe ija. Cimanga capulumuka. Mnyamatayu waimba mluzu. Anthu ena amati waimba likhweru.

Amai sanachule mau. Mnyamata nayenso sanachule mau. Ndiye cifukwa cake ana ambiri amaganiza kuti kung'ung'uza ndi kuimba mluzu ndi cinthu cimodzi. Koma si cimodzi ai. Liu la kung'ung'uza limabadwira pakhosi. Liu la mluzu limabadwira pamilomo.

Tsiku lina aphunzitsi a Giredi 3 anafuna kuti ana adzionere okha zimenezi. Sanalembe ciliconse pabolodi. Anangoti, "Ana inu, ikani zala zanu pakhosi. Musafinye, mungogusa cabe. Manje tsekani pakamwa, munene kuti mmm."

Kalasi yonse inalira ngati mng'oma wa njuci.

Mtsikana wina anakweza dzanja. Anati, "Aphunzitsi, pakhosi panga panjenjemera!"

Anali kunena zoona. Mkati mwa khosi muli kholingo, ndipo m'kholingo muli timinofu tiwiri tating'ono. Munthu akapuma, timinofuti timatseguka kuti mpweya upite bwino. Akafuna kukamba kapena kuimba, timinofuti timayandikana. Mpweya wocokera m'mapapo umakankha pakati pake, ndipo timanjenjemera mofulumira kwambiri. Kunjenjemera kumeneku ndiko kumapanga liu. Zili ngati mphira imene munthu waikoka ndi kuikodola ndi cala. Mphirayo imanjenjemera ndi kulira. Akaikoka kwambiri, imalira ndi liu laling'ono lokwera. Akailekerera pang'ono, liu limatsika. Timinofu ta pakhosi timacita cimodzimodzi. Ndiye cifukwa cake munthu angathe kung'ung'uza nyimbo yonse, kukweza ndi kutsitsa, osatsegula pakamwa.

Nanga ngati pakamwa ndi potseka, mpweya umatulukira kuti?

Aphunzitsi anati, "Yambaninso mmm. Ndikaomba m'manja, mutsine mphuno zanu."

Ana anayamba. Aphunzitsi anaomba m'manja. Pomwepo kalasi inangoti zii! Masaya a ana ena anatupa. Kenaka onse anaphulika ndi kuseka. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhoza kupitiriza.

Munthu akang'ung'uza, mpweya umatulukira m'mphuno. Mphuno ikatsekedwa, mpweya umasowa njira. Ukasowa njira umaima, ndipo timinofu ta pakhosi timaleka kunjenjemera. Liu limathera pomwepo. Mwana amene wadwala cimfine amadziwa bwino zimenezi. Mphuno zake zikatsekeka, kung'ung'uza kumamubvuta. Ngakhale kunena kuti "amai" kumamveka ngati wati "abai".

Pali malembo amene amayenda njira yomweyi ya m'mphuno. Malembowa ndi m, n, ny ndi ng'. Mvekero woyamba wa liu lakuti "madzi" ndi kung'ung'uza kwakufupi. Ndi cimodzimodzi m'mau akuti "nama", "nyumba" ndi "ng'oma". Liu lenilenilo lakuti "kung'ung'uza" lili ndi ng' kawiri. Munthu akalichula pang'onopang'ono, amamva mphuno yake inyerenyetsa.

Tsopano inafika nthawi ya mluzu. Apa panali nchito. Ana ena analiza bwino nthawi yomweyo. Ena anangotulutsa mphepo ndi malobvu. Aphunzitsi anaitana mnyamata wina amene amabusa mbuzi kwao. Anamuuza kuti aime patsogolo ndi kuliza mluzu wautali. Mnzake anaika zala pakhosi pa mnyamatayo.

Mnzakeyo anadabwa. Anati, "Aa! Pali cete. Sipanjenjemera ai."

Kenaka anamutsina mphuno. Mluzu unapitirizabe kulira. Anaika cala pafupi ndi milomo yake, ndipo anamva kamphepo kozizira kakumenya calaco.

Poimba mluzu, timinofu ta pakhosi timapumula. Nchito imagwiridwa ndi milomo, lilime ndi mpweya. Munthu amasongola milomo ndi kusiya kaboo kakang'ono pakati. Mpweya umapanikizika podutsa pakaboo kameneka. Ukatero, mpweya umene uli m'kamwa umayamba kunjenjemera, ndipo liu lakuthwa limamveka.

Botolo lingathandize kumvetsa zimenezi. Munthu akauzira pakamwa pa botolo lopanda kanthu, botolo limalira ndi liu lalikulu lotsika: "Huuu." Akathiramo madzi mpaka pakati ndi kuuziranso, liu limakwera. Cifukwa cake n'cakuti malo a mpweya acepa. M'kamwa mwa munthu muli ngati botolo limeneli, ndipo lilime lili ngati madzi aja. Lilime likasendera kutsogolo, pafupi ndi mano, malo amacepa ndipo mluzu umakwera. Likabwerera kumbuyo, malo amakula ndipo mluzu umatsika. Conco woimba mluzu amaimba nyimbo ndi lilime lake, ngakhale kuti anthu amangoona milomo cabe.

Pali cinthu cina cokondweretsa. Mluzu umalira ngakhale munthu akukokera mpweya mkati. Akatswiri a mluzu amaliza potulutsa mpweya ndi pokoka pomwe, kotero nyimbo yao siduka. Ndipo munthu amene wasasa mau cifukwa ca kukuwa kumpira angathe kuimba mluzu bwinobwino. Pakhosi pake ndi pamene patopa, koma milomo ndi lilime zili bwino.

Mwana wina wa kumbuyo anakhala cete. Anali atayesa kasanu, koma mluzu unakana. Anzake ena anayamba kumuseka. Iye anawerama ndi manyazi.

Aphunzitsi anati, "Lekani kuseka. Ndani wa inu anabadwa akuimba mluzu?"

Palibe anayankha.

Kung'ung'uza sikufuna kuphunzira kwambiri. Mwana wakhanda amacita mmm asanadziwe kukamba. Koma mluzu ndi luso, monga kupalasa njinga kapena kusenza mtsuko pamutu. Ena amadziwa m'masiku ocepa. Ena zimawatengera miyezi. Alipo ngakhale akuluakulu a imvi amene sadziwa, ndipo palibe colakwika ndi iwo. Anthu ena amati mluzu ndi wa anyamata okha. Milomo ndi lilime la mtsikana sizisiyana ndi za mnyamata. Amene ayesa ndiye amadziwa.

Aphunzitsi anapita kwa mwana uja ndi kumuonetsa pang'onopang'ono. Coyamba anyowetse milomo ndi lilime, pakuti milomo youma siliza bwino. Kenaka asongole milomo ngati afuna kunena kuti "uu". Nsonga ya lilime ikhale kuseri kwa mano a m'munsi. Pomaliza auzire pang'ono, ngati munthu amene apoza phala. Ana ambiri amalephera cifukwa couzira ndi mphamvu zonse, ngati akoleza moto. Tsiku limenelo mwanayo anangotulutsa mphepo. Aphunzitsi anamuuza kuti akayesenso panjira yopita kunyumba.

Ciliconse mwa ziwirizi cili ndi malo ake. Kung'ung'uza sikupita patali. Kumamveka kwa munthu amene ali pafupi, ndipo n'kofewa. Ndiye cifukwa cake kumagoneka mwana. Mwana amene ali kumsana samangomva ndi makutu okha. Amamvanso msana wa amai ake ukunjenjemera pang'ono. Oimba kwaya nawonso nthawi zina amang'ung'uza pansipansi pamene mmodzi aimba mau.

Mluzu ndi wakuthwa ndipo umauluka patali. Abusa a ng'ombe ku Katete, ku Chipata ndi ku Lundazi amaugwiritsa nchito tsiku ndi tsiku. Woyendetsa ngolo amalizira ng'ombe zake. Mlenje amaitana agalu ake m'thengo. Munthu akasocera m'chire, kung'ung'uza sikungamuthandize. Mluzu ungacititse kuti anzake amupeze.

Kutali, m'nyanja yaikulu ya Atlantic, kuli cisumbu cochedwa La Gomera. Cisumbuci ndi ca dziko la Spain, koma cili pafupi ndi Africa. Kumeneko kuli mapiri ndi zigwa zakuya. Kucoka paphiri lina kufika pa linzake, munthu amatsika ndi kukwera nthawi yaitali. Conco anthu a kumeneko anapeza nzeru. Amakambirana ndi mluzu. Sikungoitanana cabe ai, koma kutumiza uthenga wonse, monga wakuti, "Bwera, ubweretse mbuzi." Amaika cala m'kamwa kuti mluzu ukule, ndipo umamveka pamtunda wa makilomita angapo. Cinenero ca mluzuci cimachedwa Silbo Gomero. Kuyambira mu 1999, ana a pacisumbuci amaciphunzira kusukulu monga phunziro lina lililonse.

Ana atamva zimenezi anakondwa kwambiri. Wina anati, "Aphunzitsi, nafenso tiziimba mluzu m'kalasi!"

Aphunzitsi anaseka. Anati, "Iyai, mwanawe. Muno sitili pamapiri. Mnzako ali pambali pako, ungomuuza ndi pakamwa."

Mluzu ufuna ulemu. Kuitana galu ndi mluzu kuli bwino. Kuitana ambuya kapena atate ndi mluzu ndi mwano waukulu. Munthu wamkulu amafikiridwa pafupi, mwana n'kugwada kapena kunyonyomala, ndi kukamba naye. M'midzi yambiri akulu amaletsanso kuimba mluzu usiku. Ena amati umaitana njoka. Njoka ilibe makutu akunja monga a munthu, ndipo siyenda kutsatira mluzu. Koma usiku anthu agona, makanda agona, ndipo agalu akamva mluzu amayamba kuuwa mudzi wonse. Lamulo la akululi ndi loyenera kulimvera.

Belu lisanalire, mtsikana wina anafunsa funso labwino. Anati, "Nanga njuci, aphunzitsi? Ing'ung'uza kapena iimba mluzu?"

Liu la njuci limafanana ndi kung'ung'uza, koma silicokera pakhosi kapena m'mphuno. Limacokera kumapiko. Njuci imakupiza mapiko ake nthawi zoposa 200 pasekondi imodzi. Udzudzu umakupiza mofulumira kuposa pamenepo, ndiye cifukwa cake liu lake ndi laling'ono ndi lokwera. Mbalame nazo zimamveka ngati ziimba mluzu, koma milomo yao ndi youma, singasongoke ngati ya munthu. Liu lao limacokera mkati mwa cifuwa.

Pomaliza aphunzitsi anayambitsa sewero. Mwana mmodzi anaima kuseri kwa citseko ndi kuimba nyimbo yopanda mau. Anzake anatseka maso ndi kumvetsera. Akamva kung'ung'uza, anali kugwira mphuno. Akamva mluzu, anali kugwira milomo. Poyamba ena anasokoneza. Pofika kacitatu, onse anali kugwira malo oyenera.

Kenaka mnyamata wa mbuzi uja analowa kuseri kwa citseko. Anasongola milomo ndi kuliza mluzu, ndipo nthawi yomweyo ananjenjemeretsa pakhosi. Panamveka liu lacilendo, ngati la cimbalame ca m'nthano. Ana anatsegula maso ndi kuyang'anana. Ena anagwira mphuno. Ena anagwira milomo. Mwana uja wa kumbuyo anaganiza pang'ono, kenaka anaika dzanja limodzi pakhosi ndi lina pamilomo.

Aphunzitsi anati, "Wakhoza! Muombereni m'manja."