Ulalo wa Dona Ana pa Zambezi

Inu a ku Mphuka ndi a ku Feira mudziwa bwino kuti kwanuko kulibe njanji. Koma madzi a Zambezi amene mutunga tsiku ndi tsiku, akapitirira Tete, amakadutsa pansi pa ulalo waukuru wa njanji wolumikiza matauni a Sena ndi Mutarara, m'dziko la Mozambique. Dzina lace ndi Dona Ana.

Ulalowu usanamangidwe, katundu wa ku Nyasaland anali kutsitsidwa m'sitima pa Chindio, naikidwa m'ngalawa, naoloka kumka ku Murraça kumene kunali njanji ya ku Beira. M'cilimwe madzi akacepa ngalawa zinali kutitimira mumcenga, ndipo fodya ndi tiyi zinali kukhalitsa pagombe. Cifukwa cace kampani ya ku England, ya Cleveland Bridge, inapatsidwa nchito yomanga ulalo, ndipo sitima zinayamba kuolokapo mu 1935. Utali wace ndi mamita 3,670, ndiko kuti mamailosi awiri ndi pang'ono. Munthu wa miyendo yabwino amatha mphindi 40 asanafike tsidya lina. Ndalama zace zinali za ngongole imene inalemetsa Nyasaland zaka zambiri, ngakhale ulalowo uli m'dziko la eni.

Pa nkhondo ya paciweniweni, m'zaka za m'ma 1980, asilikari a Renamo anauphulitsa, ndipo njira ya Malawi ya ku Beira inaduka. Nkhondo itatha mu 1992, boma la America linathandiza ndi ndalama, ndipo mu 1995 ulalo unatsegulidwanso. Koma taonani zodabwitsa: sunanyamulenso sitima ai, koma magalimoto, oyenda mzere umodzi, a tsidya lino kudikira kuti a tsidya lija ayambe aoloka.

Cimene cinabwezera njanji pamenepo, abale anga a kumigodi, ndi malasha. Pansi pa Moatize pali malasha ambirimbiri, ndipo eni migodi anafuna njira yakufikira kunyanja ya mcere. Mu 2006 ulalo unatsekedwa kwa magalimoto, amisiri nakonza zitsulo ndi kuyalanso njanji kufikira 2009, caka comwe ulalo watsopano wa magalimoto unatsegulidwa pa Caia. Mu 2011 malasha a ku Moatize anayamba kuoloka pa Dona Ana kumka ku Beira. Anthu wamba a ku Sena ndi Mutarara gawo lao ndi kanjira kopapatiza ka m'mbali mwa njanji, koyendamo a pansi ndi a njinga.