Mphepo ya m'Mbali pa Bwalo la pa Famu

Mbalame potera imayang'ana kumene kucokera mphepo. Woyendetsa ndege yaing'ono afunanso kutero, koma bwalo la pa famu ku Mashonaland, monga ca ku Banket ndi Mvurwi, ndi mzere umodzi wa udzu pakati pa minda ya fodya, ndipo mphepo ikadzera m'mbali alibe posankha. Mu August ndi September imaomba modukizadukiza. Iye apendeketsa phiko kumbali ya mphepo kuti ndege isatengedwe. Mphepo ikaleka mwadzidzidzi, phikolo lingathe kukhudza pansi. Ikabweranso magudumu atagunda kale, ikankha mcira, ndege nizungulira ngati nguli. Cifukwa cace wodziwa nchito, poona ndege iri kupotoka, sacita manyazi kuonjezera moto, kukweranso, ndi kudzayesa kaciwiri.